Zikomo nonse, makamaka inu Ankolo

Abale anga dzulo zatheka. Ndayimba gitala kutchalitchi pamaso pa anthu, nyimbo yonse mpaka kumapeto, ndi dzanja lomwe lija. Zala zikuwawa, tulo sindinatione koma ndati ndilemberetu mtima udakali m'malere.

Za ngozi ya kabaza ija mukuidziwa, sindibwerezanso. Zala ziwiri za kumanzere, cha mphete ndi kakang'ono, zikukanabe kupindika mpaka lero, chonsecho gitalayo ndinali nditangogula kumene, makodi anga anali G, C ndi D basi. Inakakhala pamwamba pa wadirobu kudikira wogula kuti ndipeze ya mafizo.

Mayi zikomo, munandisambitsa ngati khanda osadandaula. Achemwali ndi alamu pa transipoti ya kuchipatala, a kwaya pa mapemphero ndi ka envelopu kaja, Ambuye abwezeretse pomwe munachotsa.

Koma Ankolo inu, eeh. Ena amabwera ndi pepani, inu munangofika ndi foni nkuti "mphwanga taona bambo awa, uwerenge zala zimene akugwiritsa." Kanema wakalekale wopanda makala, bambo atavala suti akuthamangitsa gitala koopsa. Ndinawerenga, ziwiri. Ndinabwezanso, ziwiri ndithu, cha mkombaphala ndi chapakati, zinazo zitangopindikira m'mbali.

Ndi mmene ndinamudziwira Django Reinhardt. Anabadwira ku Belgium mu 1910 m'banja la Aromani, mu 1928 ngolo yomwe amagonamo inapsa iye ali ndi zaka 18, moto nkumuwononga mwendo ndi zala ziwiri za kumanzere, zomwezi zanga. Madokotala amafuna kudula mwendowo anakana. Mng'ono wake Joseph ndi amene anamubweretsera gitala akuchira, ndipo pofika 1934 anali atayambitsa Quintette du Hot Club de France ku Paris limodzi ndi Stéphane Grappelli wa vayolini. Bandi yopanda ng'oma, magitala atatu, bezi ndi vayolini, koma phazi limagunda lokha.

Ine ndine wongoyamba, zambiri za jazi zimandidutsa pamutu, koma kayimbidwe kake kamandipatsa misala. Ife timaphunzitsidwa kuti dzanja likhale malo amodzi chala chilichonse ndi freti yake (timipata tija ta pa khosi la gitala), iye ayi, amayenda khosi lonse la gitala kukwera ndi kutsika, chala chimodzi nkutsetsereka pa waya umodzi manotsi nkumagwa motsatana mpaka umaganiza kuti tepi yathamanga. Kenako nkuima pa notsi imodzi kuigwedeza mpaka ilire. Zala zopuwala zijanso sanazitaye, amazigoneka pa mawaya ang'onoang'ono akamagwira makodi. Ndipo piki, kachinthu komenyera mawaya kaja, amamenya mwamphamvu chifukwa nthawi imeneyo gitala yake inali yopanda magetsi, imayenera kumveka yokha.

Ankolo simunathere pa kanema. Munatsitsa gitala ija nokha, kupukuta fumbi, kuchotsa mawaya olimba aja nkuika ofewa ogula ndi ndalama zanu. Loweruka lililonse mumabwera wapansi ngakhale kuli matope, bandulo yanu yomwe, nkumandionetsa makodi a mawaya atatu okha oti zala ziwiri ndi chachikulu zikwanitsa. Ndikakwiya nkuiponya pabedi mumangokhala chete kumwa tiyi wanu kudikira ndiitole. Tsiku lina ndinakuonani mutamanga zala zanu ziwiri ndi labala kuti mumve mmene ndikumvera musanandiphunzitse, ndinalowa kuchipinda kukalira, lero ndiye mwadziwa.

Dzulo pakati pa nyimbo chala chinaterereka, ndinayang'ana kumbali muli pa bezi mukungogwedeza mutu kuti pitiriza, ndinapitiriza. Mulungu wakumwamba akusungireni manja amenewo Ankolo, akupatseni masiku ambiri.

Kwa aja mumati "aise ingogulitsa, zoimba zatha basi" ndi aja a "tibwera mawa" amene mawa lanu silinafike, takuonani mukuika timoto pa kanema wa dzulo. Palibe mlandu, ikani tambiri.

Sindinafike ngakhale pa kachidutswa ka Django, liwiro lija mwina sindidzalipeza, pano ndikulimbana ndi ma octave ake (kuimba notsi imodzi pa mawaya awiri nthawi imodzi, ina yapansi ina yapamwamba) omwe akundimaliza. Ankolo Loweruka musadye kwanu, mayi akuti akupha nkhuku, komanso waya wa B uja wadukanso.