Inanama ndi prompt, osati ine

Popeza ena mwayamba kale kunditchula "a Girini" mugulu muja, bola ndifotokoze ndekha musanathiremo nsinjiro zanu. Eya, database ya makasitomala akuntchito ija ndinafufuta ndine. Koma tamvani kaye.

Lamulungu lonse ndinakhalira kukongoletsa prompt ya bash (timawu timene timaoneka pomwe umalemba ma command mu terminal), ka (venv) kamene Python imaika kutsogolo kaja sikanandikwanire ayi, ndimafuna izindiuza komwe ndili, dev (koyeserera) girini, prod (kwa makasitomala enieni) yofiira ngati tomato wa pa Lizulu. Ndalemba PS1 yanga (mzere wokonza prompt) mu fayilo ya .bashrc, ndaikamo $APP_ENV (yonena ngati ndili dev kapena prod) ndi utoto wake, yatuluka bhobho, mpaka ndinaponya screenshot mugulu ndikuti enanu mukugwirabe ntchito mumdima. Screenshot imeneyo musaifufute, ndikudziwa mwaisunga kale.

Chomwe sindimadziwa nchoti ukaika PS1 mu double quotes, bash imawerenga $APP_ENV kamodzi kokha pomwe .bashrc ikutsegulidwa, basi yauma pompo. Mu single quotes ndi momwe imawerenganso ulendo uliwonse ukadina Enter. Ndiye yanga ija inali chikwangwani chopenta, chongoti dev mpaka Yesu adzabwere.

Lolemba ndapanga export APP_ENV=prod kuti ndikoke ka lipoti ka abwana, ndatuluka kukagula mandasi, ndabwera, prompt ili phee, [dev], girini wake wonyezimira. Ndati tiyeretse data yoyeserera, python manage.py flush, command yofufuta data yonse mu database. Django, pulogalamu yoyendetsa command imeneyi, mwaulemu wake, inandichenjeza ndi zilembo zikuluzikulu kuti IRREVERSIBLY DESTROY, ndilembe yes kapena no. Abale, ndinawerenga. Ndinayang'ana girini uja, girini naye anandiyang'ana, tinamvana. Ndinaluma ndasi, ndapukuta mafuta pa thalauza, kenako ndi chala chimodzi, y, e, s, pang'onopang'ono ngati nduna ikusaina pangano atolankhani akujambula. Ndinatsamira pampando. Ndinaimbako ka mluzu. Mphindi ngati zitatu zimenezo ndinali munthu wamtendere kwambiri mu Lilongwe yense.

Kenako mnzanga wa desiki yapafupi anangoti, "Aise, makasitomala apita kuti?" Ndati ati? Akuti onse.

Abwana sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoima kumbuyo kwanga, ayang'ana sikirini, akuti, "Achimwene, koma mtunduwu ngokongola." Ine thukuta kamukamu, ndasi lili m'manja, kulidya sindingathe, kuliika pansi manyazi.

Koma tinene zoona, ' ndi " zili pa batani limodzi, chosiyanitsa ndi Shift basi. Komanso laputopu ya munthu wamba ngati ine imafika bwanji ku prod popanda wondifunsa? Sindikuloza munthu chala, ndangofunsa.

Backup ya usiku inalipo, tinangotaya za m'mawa wokha. Ma quotes ndakonza. Kungoti tsopano ndikalemba command yaitali ikumabwerera nkumadzilemba pamwamba, akuti ndinaiwala \[ ndi \] pa utoto paja. Ndiziona Lamulungu.