Zoo yanga ya pathabwa: khola la mikango latha, njovu ndazichotsa

Thabwa lija layamba kuoneka ngati malo tsopano. Kwa amene simunaone poyambira, ndikumanga zoo yoyerekeza pa plywood imodzi ya masentimita 122 mulifupi ndi 244 mulitali. Sentimita imodzi pathabwapo ikuimira mamita awiri enieni, ndiye kuti malo anga ndi mamita 244 kwa 488, pafupifupi mahekitala 12. Zoo ya ku Johannesburg ili ndi mahekitala pafupifupi 55, moti yangayi ingalowemo kanayi malo n'kutsalako. Pamwamba pa thabwa ndinamata styrofoam ya m'makatoni a firiji kuti ndizitha kukumba.

Bajeti sindikuiwerengera m'makwacha ayi, chifukwa mtengo wa waya ndi simenti sukhalitsa. Ndinadzipatsa mapointi 5,000 omangira. Mita imodzi ya mpanda wamba ndi pointi imodzi, khoma la njerwa ndi 4, mpanda wa nyama zolusa ndi 6. Akatha atha, palibe kokongola.

Ntchito yaikulu ulendo uno inali khola la mikango, ndipo apa mpamene masamu anandikomera. Tengani mpanda wa mamita 120. Mukaumanga mowonda, 50 kwa 10, mkati mumapezeka masikweya mita 500 okha. Mukapanga 40 kwa 20, afika 800. Mbali zonse zikafanana, 30 kwa 30, ndi 900. Mukauzunguza ngati bwalo lenileni, mupeza 1,146. Waya ndi yemweyo, ndalama ndi zomwezo, koma mkango wa m'khola lozungulira uli ndi malo oposa kawiri a mnzake wa m'khola lowonda lija. Ndinabwereza kuwerengaku ndi pensulo chifukwa chongosangalala nako.

Komabe lozungulira sindinalisankhe. Mpanda umayenda mowongoka kuchoka pamzati kufika pamzati wina, ndipo makola ozungulira akayandikana amasiya timipata topanda ntchito pakati pawo. Ndinatenga la mbali 6, iliyonse mamita 20, lomwe likupereka masikweya mita 1,039. Kulijambula n'kosavuta. Tsegulani kampasi masentimita 10, jambulani bwalo, kenako osaisuntha kampasiyo muziponda nayo m'mphepete mwa bwalolo. Ikaponda ka 6 ibwerera ndendende pamene munayambira, mulumikize timadonthoto ndi rula, basi. Chinanso chimene ndalikondera n'choti makona ake ndi otambasuka, madigiri 120. Nyama zikamathamangitsana, yofooka imapanikizidwira pakona yothina n'kuvulazidwa. Pakona yotambasuka imangokhota n'kupitirira.

Mbali yoyang'ana alendo sindinaikeko waya. Ndakumba ngalande, nzeru imene inatchuka ndi Carl Hagenbeck, yemwe anatsegula malo ake ku Hamburg mu 1907 n'kumaonetsa nyama popanda zitsulo zotchinga maso. Yanga ndi yotakata mamita 8 ndi yakuya mamita 4, yotsetsereka kumbali ya mikango, khoma loimirira kumbali ya anthu. Pathabwa ndi kamzere ka masentimita 4 basi, kamene ndinasema ndi lezala, tizidutswa toyera n'kumatirira m'manja ndi pamalaya. Koma muone dothi lake likanakhala lenileni: 8 kuchulukitsa ndi 4, kugawa pawiri, ndi 16, kuchulukitsanso ndi mamita 20 a utali wake, makiyubiki mita 320. Dothi lonselo sindikulitaya, ndaumbira chulu pakati pa khola, poti mikango imakonda kugona pamalo okwera n'kumayang'ana uku ndi uku. Ndaikanso paipi yotulutsira madzi pansi pa ngalandeyo, apo ayi mvula ya mu Januwale ingaisandutse dziwe, ndipo mkango umasambira.

Pali pena pamene masamu ananena zoona koma ine ndinawakanira. Makola awiri a 30 kwa 30 akatalikirana amadya mamita 240 a mpanda, akagundana n'kugawana mbali imodzi amadya 210. Mbidzi ndi ngoma ndazigundanitsa motero, palibe vuto. Koma malo otsala pafupi ndi mikango anali a nswala, ndipo sindingalole kuti nswala izidya msipu mkango ukuiyang'anitsitsa kuseri kwa waya tsiku lonse. Pakati pawo ndadutsitsa msewu wa ogwira ntchito ndi mzere wa nsungwi. Khola la nswala ndalipanganso lalitali, lodya waya wambiri, chifukwa nswala imadumpha mamita 10 ulendo umodzi, m'mwamba mpaka mamita atatu. Nyama yotere kuipatsa khola lofupika n'kuilakwira, ngakhale kukula kwa malo kutakwanira papepala.

Tsopano za njovu. Ndinkazifuna kwambiri, timafano take ndinaumba kale ndi dongo, koma ndazichotsa. Ndinatsegula tsamba lachiwiri la bajeti, la zodya, ndipo mpamene zinaoneka bwino. Mpanda umalipira kamodzi, pakamwa pamafuna tsiku ndi tsiku. Mkango waumuna umafuna nyama yokwana makilogalamu pafupifupi 7 patsiku, waukazi 5. Atatu angawo, wamphongo mmodzi ndi yaikazi iwiri, ndi makilogalamu 17 patsiku, kupitirira matani 6 pachaka. Zimenezo n'zolemera kale. Njovu imodzi yaikulu imatha makilogalamu ngati 150 a udzu, masamba ndi makungwa patsiku, kulemera kwa matumba atatu a chimanga, ndipo pachaka ndi matumba oposa 1,000. Ndiye njovu sisungidwa yokha, zazikazi zimakhala pamodzi ndi ana awo ndi abale awo moyo wonse, zikuyenda mitunda italiitali. Ngakhale nditazipatsa theka la thabwa langa, zingakhale zopanikizika. Wofuna njovu apite ku Liwonde kapena ku Majete akazione zili kwawo.

Mapointi amene apulumuka pamenepo apita ku zinthu zimene mlendo saziona: chipinda cha dokotala wa nyama, khitchini yokhala ndi mosungira nyama mozizira, khola lapadera losungiramo nyama yodwala kapena yongofika kumene, ndi zitseko ziwiriziwiri pakhomo lililonse la zolusa, kuti china chizitsekedwa chinzake chisanatsegulidwe. Zitsekozo ndazipanga ndi timitengo ta machesi, ndipo kuti zimatike mowongoka pamafunika kugwira ndi kachitsulo kozulira nsidze mpaka guluu atauma.

Pakadali pano ndatsala ndi mapointi 1,900, ndipo anyani, ng'ona ndi njira za alendo sindinazikhudze. Chotsatira ndi dziwe la ng'ona. Ndikufuna likhale lokhotakhota kuti gombe lowotherapo dzuwa litalike, ndiye kukula kwake ndidzakupeza poyala pepala la timabokosi pamwamba n'kuwerenga timabokosito. Madzi ake ndiyamba ndayesa vanishi wothira pa penti wobiriwira, pakachidutswa kapadera kaye, chifukwa vanishi wina amasungunula styrofoam.