Zikomo nonse, abambo akulowetsanso ulusi pa singano

Lachiwiri m'mawa abambo anga analowetsa ulusi pa singano okha, osaitana ine kapena mdzukulu wawo. Anakhala pa makina awo aja ku Fordsburg n'kuyamba kupinda buluku la kasitomala, ine nditaima pakhomo misozi ili chuchuchu. Ndati ndilembe pano chifukwa amene munatigwira dzanja pa nthawi ya opaleshoni yawo ya ng'ala ndinu ambiri, sindingakwanitse kufika khomo ndi khomo.

Abambo akhala akusoka kuno ku Joni zaka zambiri. Ng'ala itayamba m'diso lakumanja tinatsatira zija timauzana kumudzi, zoti ng'ala muziisiya ikhwime kaye kuti akaichotse bwino. Amene ndinkalimbikira zimenezi ndine ndemwe, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Titapita ku St John Eye Hospital, pa Chris Hani Baragwanath ku Soweto, adokotala atawayeza anatikhazika pansi. Anati ng'alayo si imene ikuwadetsa nkhawa kwambiri, koma kagalasi koonekera kakutsogolo kwa diso, kamene iwo amati cornea. Kagalasika n'kochindikala pafupifupi theka la milimita basi. Kuseri kwake, mkati mwa diso, kuli mzere umodzi wokha wa maselo amene amapopa madzi usana ndi usiku kuti kagalasiko kasanyowe n'kuchita mbuu. Munthu wamkulu amakhala nawo pakati pa 2,000 ndi 3,000 pa kamalo ka milimita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo akafa samera ena, otsalawo amangodzitambasula kuti atseke mpata. Akatsika kufika cha m'ma 500 kagalasi kamatupa, munthu n'kusiya kuona ngakhale ng'ala itachotsedwa bwinobwino.

Anawajambula abambo ndi makina owerenga maselowo ndipo anapezeka ochepa. Ndi matenda otchedwa Fuchs. Apa m'pamene tinamvetsa chifukwa chake ankadandaula kuti m'mawa amaona ngati kuli chifunga koma pofika masana kumayerako: diso likagona chitsekere usiku wonse, madzi amachulukana m'kagalasimo.

Vuto linali lakuti makina ochotsera ng'ala, amene amati phaco, amaswa ng'alayo ndi kachitsulo konjenjemera mothamanga kwambiri n'kumayamwa zidutswa zake. Ng'ala ikakhala yolimba pamafunika mphamvu yambiri, ndipo kutentha, kuthamanga kwa madzi ndi tizidutswa touluka zimapha maselo aja. Ndiye kudikira kwathu kuja, kumene ine ndinkayesa nzeru, kunali kuonjezera ngozi. Adokotala sanandidzudzule. Anangoti, "Tiyenda pang'onopang'ono." Anatichenjezanso kuti kagalasiko kakalephera padzafunika kuikamo ka munthu wina amene anamwalira, ndipo kuno ku South Africa opereka ndi ochepa, moti ena amachita kuitanitsa ku America.

Adokotala, sinditchula dzina lanu pagulu pano, koma mukudzidziwa. Opaleshoni itatha munandifotokozera zimene munachita, ndipo ndazisunga mumtima. Munayamba mwapaka kuseri kwa kagalasi kaja mankhwala onanda ngati therere, a viscoelastic, kuti akhale chishango cha maselo, ndipo akamakokoloka mumaonjezera ena. Ng'alayo munaidula m'tizidutswa ndi kachitsulo ka pamanja, makina mukuwayatsa pang'onopang'ono, komanso mukugwirira ntchito pansi, kutali ndi kagalasi. Mutaika lenzi yatsopano munatsuka therere lonse lija chifukwa likatsalira limakweza mphamvu ya madzi m'diso. Abambo anali maso nthawi yonseyo, diso lokha ndi limene linachititsidwa dzanzi, ndipo akuti munkawauza chilichonse musanachichite. Panja panali mzere wa anthu okudikirani, koma simunawathamangitse. Mulungu akudalitseni manja amenewo.

Tsiku lotsatira atachotsa chophimba, abambo anangoona chifunga. Anakhala chete ulendo wonse wobwerera, ine mtima uli phaphapha. Anesi amene munatilandira tsiku lija, munabwereza katatu kuti kutupako kunkayembekezeka, munatilembera pa pepala nthawi zodonthezera mankhwala, kuphatikizapo aja amchere wa 5 peresenti othandiza kukoka madzi m'kagalasi, n'kutiuza kuti diso asalitikite ngakhale litayabwa bwanji. Sabata yoyamba panalibe kusintha kwenikweni. Mayi wina wa Mvano atabwera kudzazonda anati, "Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha." Sabata yachitatu abambo anawerenga okha nambala ya basi ili patali.

Amayi a Mvano a mpingo wathu wa CCAP, ndiwo zimene munkasinthana kubweretsa zinatisunga. Achimwene amene munkatitenga pa galimoto yanu 4 koloko m'bandakucha kuzizira kuja kwa Johannesburg, mafuta okha n'kukana kulandira, zikomo. Anzanga a chipereganyu, munandilola kulandira mwezi umene sunali wanga. Atelala anzawo a abambo, inu ndiye munandigwetsa misozi: munamaliza madiresi a ukwati amene anali atalandira kale, ndalama yonse n'kubwera nayo kunyumba osachotsapo ngakhale ya ulusi. Amayi kwathu ku Dedza, mapemphero anu a pa WhatsApp usiku uliwonse abambo ankawamvetsera asanagone.

Diso lakumanzere nalonso layamba ng'ala, ndipo maselo ake nawonso ndi ochepa. Ulendo uno sitikudikira kuti ikhwime, tsiku lokayezetsa talembetsa kale. Abambo akuti amene munasiya zitenje zanu mwezi wa June mubwere Loweruka, zikhala zitatha.