Sabata yopanga kansalu ka zeolite kothandiza fupa kumera

Fupa la nsagwada likadyeka pamalo pomwe panazulidwa dzino, dokotala wa mano amaphimbapo kansalu kopyapyala kuti minofu ya nkhama, yomwe imakula msanga, isadzaze dzenjelo fupa lisanamere. Sabata ino m'labotale timapanga kansalu kotere: pulasitiki ya PCL (polycaprolactone) yosakaniza ndi zeolite A yonyamula calcium. Zeolite A ndi ufa wokhala ndi aluminium ndi silicon, wodzaza ndi timabowo tosaoneka ndi maso.

Lolemba kunali kuphika zeolite. Magalamu 0.72 a NaOH (soda wa caustic) amasungunulidwa m'madzi oyeretsedwa okwana mamililita 80, madziwo n'kugawidwa pawiri. Theka limalandira magalamu 8.26 a sodium aluminate, theka linalo magalamu 15.48 a sodium metasilicate. Mukaphatikiza ziwirizi, zimagwirana nthawi yomweyo ngati phala lolimba. Botolo likhale la polypropylene, chifukwa soda amadya galasi. Mu uvuni limakhala maola atatu kapena anayi pa 99°C. Likagona mmenemo, XRD, njira yozindikira mtundu wa ufa pogwiritsa ntchito X-ray, imaonetsa kuti mbali ina yasanduka zeolite ina yotchedwa sodalite, yomwe timabowo take ndi tating'ono kwambiri moti sigwira ntchito yomwe tikufuna.

Lachiwiri lonse linathera pa kutsuka, ndipo apa m'pamene ambiri amapupuluma. Ufa ukatuluka mu uvuni umakhala ndi soda wambiri. Timasefa, kuthira madzi, kusefanso, mpaka pH (muyeso wa asidi kapena soda) ya madzi otuluka itatsika pansi pa 9. Mukasiyira panjira, maselo a fupa amadzafa m'mbale yoyesera, anthu n'kumanena kuti zeolite ndi poizoni pomwe vuto ndi soda wotsalira. Mlingo wa ISO 10993-5, woyesera ngati chinthu chikupha maselo, sunyengerera: maselo amoyo akachepera 70 peresenti, chinthucho chalephera.

Lachitatu tinaviika ufawo mu calcium chloride kuti sodium atuluke, calcium alowe. Kuviika kamodzi sikukwanira. Timasintha madziwo katatu, kutsukanso, n'kuumitsa.

Ena amafunsa chifukwa chake sitigwiritsa ntchito chitosan (wochokera ku zikamba za nkhanu) m'malo mwa PCL, popeza ndi wotsika mtengo. Chitosan amasungunuka mu asidi wa acetic, ndipo zeolite A, yomwe ili ndi aluminium wochuluka mofanana ndi silicon, imaphwasuka mu asidi n'kutaya aluminium. Palibe amene amafuna aluminium woyendayenda pafupi ndi fupa.

Choncho Lachinayi tinasungunula galamu imodzi ya PCL mu mamililita 10 a chloroform, mkati mwa kabati yokoka mpweya. Zeolite, gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa PCL, imayamba yamwazidwa payokha mu chloroform ndi makina a ultrasonic kwa theka la ola, apo ayi imaundana timibulu ndipo kansalu kamang'ambikira pamenepo. Mukasakaniza ziwirizi n'kuthira m'mbale kuti ziume, mbaleyo ivundikiridwe pang'ono. Chloroform akauluka mofulumira, pamwamba pamazizira, chinyontho chimaterapo, kansalu n'kutuluka ndi mabowo osafanana.

Lachisanu tinadula tizidutswa n'kutimiza mu SBF, madzi a mchere otsanzira madzi a m'magazi, pa pH 7.40 ndi 36.5°C, m'mabotolo apulasitiki osakalika. Madziwo akachita mbuu pokonza, atayeni, calcium phosphate wapatuka kale m'madzimo. Pakatha masiku 7, 14 ndi 28 tidzayang'ana ngati pa tizidutswato pamera apatite, mchere womwe umapanga fupa, pogwiritsa ntchito SEM (maikulosikopu yamphamvu) ndi XRD. Apatite akaoneka si umboni woti fupa lidzamera m'thupi, ndi chilolezo chabe choti tipite ku maselo. Tizidutswa todzayesera pa maselo tinatiyeretsa ndi ethanol wa 70 peresenti ndi kuwala kwa UV. Autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, ayi: imafika 121°C pomwe PCL imasungunuka cha pa 60°C.