Tsiku loveka chisoti Mfumu Charles, tili pabalaza ku Zingwangwa

Loweruka, 6 May 2023

Ndinalawirira kuchapa kuti dzuwa lisanafike pamutu ndikhale ndili kwa amalume ku Zingwangwa, kumene tinapangana zoonera limodzi mwambo wolonga ufumu Charles III. Mu minibasi nkhani inali yomweyo. Mayi wina wonyamula dengu la tomato pamiyendo anati za ku London alibe nazo ntchito, pokhapokha zikanakhala zotsitsa mtengo wa chimanga. Bambo wachikulire kumbuyo anamuyankha kuti Angerezi ndi abale athu akalekale, mfumu yawo ikamalongedwa nafenso tizikondwera. Ndinatsika asanamvane.

Ndinapeza pabalaza patadzaza, ana atakhala pamphasa, aneba ena ataima pakhomo. Mwambo unayamba 12 koloko masana nthawi ya kuno, m'tchalitchi cha Westminster Abbey. Koyambirira kwenikweni kamnyamata ka m'kwaya kanaima pamaso pa mfumu n'kuilonjera, ndipo nkhalamba ya zaka 74 ija inayankha kuti sinabwere kudzatumikiridwa koma kudzatumikira. Agogo anaomba m'manja. Iwo akuti apo ndiye pagona mwambo wonse, monga zimakhalira kumudzi polonga mfumu: akuluakulu amayamba ailanga, kuiuza kuti isakondere poweruza milandu, isajombe pamaliro, isanyoze amasiye. Chisoti chimabwera pambuyo pa malangizo.

Agogo amakumbukirabe 1979, chaka chimene Mfumukazi Elizabeth inadzacheza ku Malawi m'nthawi ya Kamuzu. Chimene akufuna kwa Charles n'chimodzi basi, kuti atengere mayi ake, amene anakhala pampando zaka 70 osamveka akukangana ndi munthu pagulu. "Mfumu yolongolola siikhalitsa ulemu," anatero.

Msuweni wanga, amene ali kusukulu ya ukachenjede, anakhala chete mpaka pamene Arkibishopu Justin Welby anapereka ndodo yachifumu m'manja mwa Charles. Apo ndi pamene anadzuka. "Agogo, mwala mukuuona ukuwala pandodopo ndi dayamondi wa Cullinan, anakumbidwa ku South Africa mu 1905." Kenaka anayamba kuwerenga ndi zala: Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896, John Chilembwe mu 1915, anthu amene anawomberedwa padoko la Nkhata Bay pa 3 March 1959. Iye akuti ufumu watsopanowu uyambe ndi kupepesa poyera. Charles ananenapo ku Kigali chaka chatha kuti nkhani ya ukapolo imamumvetsa chisoni, koma kwa msuweni wanga kumva chisoni ndi kupepesa n'zinthu ziwiri zosiyana. Agogo sanamutsutse. Anangoti, "Iwe mwana, khala pansi tione kaye chisoti." Ine ndikuona kuti mnyamatayu akunena zoona. Wolowa ufumu amalowa ndi milandu yomwe ya pampandopo, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya.

Amalume maganizo awo anali pa chithandizo. Akuti poti Charles ndiye mkulu wa Commonwealth, bungwe la mayiko 56 limene Malawi alimo, mwina thumba la ku Mangalande litseguka. Apa ndinawayankha mwaulemu kuti, "Malume, ndalamazo sasunga ndi mfumu." Amene amagawa ndi nduna yaikulu, mu 2023 muno Rishi Sunak, pamodzi ndi nyumba ya malamulo. Ndi boma lomwelo limene mu 2021 linadula chithandizo cha kunja kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma cha dzikolo, Mfumukazi ili moyo, ndipo sikanatha kuletsa. Komanso ife tinasiya kukhala pansi pa chisoti chimenechi pa 6 July 1966, pamene Malawi anakhala ripabuliki. Charles si mfumu yathu, ndipo kumudikira kuti atigulire feteleza n'kudzipweteka mtima.

Mwambo utatha ndinatuluka pakhonde. Kuchokera apo phiri la Soche limaonekera, ndi zipsera zake zofiira mmene munadutsa matope ndi miyala mu March muno, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku otsatizana. Kumunsi kwake kuli Chilobwe, kumene mabanja anakwiririka ali m'tulo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira, ndipo mpaka lero alipo amene sanabwerere pamalo pawo. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anataya nyumba ndi ana awiri usiku umodzi. Sipanathe ngakhale miyezi iwiri.

Chiyembekezo changa pa ufumu umenewu chagona pamenepo. Charles alibe ndalama za boma m'manja, koma ali ndi pakamwa pamene atsogoleri a mayiko olemera amatchera khutu. Wakhala akulankhula za kuwonongeka kwa chilengedwe zaka zoposa 50, kuyambira pamene anzake ankamuseka, ndipo ku msonkhano wa za nyengo wa ku Glasgow mu 2021 anaima n'kulankhula mosabisa. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti atangolowa ufumu, ku msonkhano wotsatira wa ku Egypt sanapiteko, potsatira uphungu wa boma lake. Ngati chisoti chimutseke pakamwa pa nkhani imene waidziwa moyo wake wonse, ife a kuno titaya mnzathu amene tinali naye. Utsi umene ukutenthetsa nyanja ndi kukulitsa anamondwe sunachokere ku Chilobwe. Mafakitale oyamba oyendera malasha anamangidwa kwawo komweko.

Ku Egypt kuja mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lolipira zowonongeka ndi kusintha kwa nyengo m'mayiko osauka, koma ndalama sizinalowemo. Msonkhano wina uchitika ku Dubai kumapeto kwa November, ndipo ndikufuna kudzamva ngati mfumu yatsopanoyi idzatchule za thumba limenelo.

Madzulo azakhali anaphika nsima ya chambo. Agogo ndi msuweni wanga anapitiriza nkhani ya Chilembwe mpaka ndiwo zinatha, ndipo agogo anamuuza kuti tsiku lina adzawaperekeze ku PIM, mishoni ya Chilembwe ku Chiradzulu, akaone tchalitchi ndi maso awo. Ndinakwera minibasi yobwerera kunyumba cha m'ma 7.