Zomwe Alt wa amalume wandiphunzitsa

Amalume anga ndi mlembi wa komiti ya chitukuko kumpingo kwathu ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, ndipo mfundo za misonkhano amazilemba m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe. M'Chitumbuka ŵ wa kachipewa ali paliponse: ŵanthu, ŵana, ŵalala. Pa kiyibodi ya laputopu yawo palibe batani lake, choncho ankasunga fayilo yakale yokhala ndi chilembocho, n'kumakopera chimodzichimodzi. Ineyo ndili pakati pophunzira JavaScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu a masamba a pa intaneti, ndiye ndinawalonjeza katsamba kolembapo koti akadina mabatani awiri ŵ azituluka yekha.

Poyamba ndinasankha Ctrl ndi W. Chrome anangotseka tsamba lonse. Mabatani amenewo anawasungira ntchito yake, ndipo tsamba silingamulande. Ndinasamukira ku Alt ndi W.

Browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti monga Chrome, imauza pulogalamu yanga zinthu ziwiri: keydown batani likatsika, keyup likakwera. Maganizo anga anali ooneka olongosoka. Ndinapanga kosungira kamodzi kotchedwa altWatsika. Alt akatsika ndimalembamo kuti inde, akakwera ndimalembamo kuti ayi. W akabwera ndimayang'ana m'menemo. Ndinayesa madzulo onse, osalakwa ngakhale kamodzi, ndipo ndinakapereka ndi mtima woyera.

Loweruka lotsatira m'mawa, kuli kamvula kowaza kaja ka mu June komwe kamachititsa zala kuuma, ndinawapeza pakhonde atafunda jekete, laputopu pamiyendo.

"Mphwanga, tabwera udzaone. Zilembo zonse zavala zipewa."

Zinalidi choncho. Kŵathu, mŵezi, kŵaya, mzere wonse. Ndinawapempha kuti alembenso ine ndikuyang'ana zala zawo osati sikirini. Analemba mizere iwiri bwinobwino. Kenako chala chachikulu chakumanzere chinatsikira pa Alt, china chinagunda Tab, WhatsApp yatseguka pomwe panali mndandanda wa omwe anabwera kumsonkhano. Anawerenga dzina, n'kubwerera patsamba langa podina ndi mausi. W woyamba yemwe analemba anatuluka ndi chipewa.

Apa m'pamene ndinaona chomwe sindinachiganizire. Alt anatsika tsamba langa likumva, koma pomwe amakwera n'kuti kiyibodi ikulankhula ndi pulogalamu ina. Kompyuta imapereka uthenga wa batani kwa yemwe ali kutsogolo panthawiyo basi. Keyup yomwe ndinkaidikira sinafike kwa ine, ndipo altWatsika anakhalabe pa inde ngati mlonda amene sanauzidwe kuti alendo anatulukira khomo lakuseri. Ine poyesa sindinkachoka patsambalo. Amalume amachokapo mphindi iliyonse, chifukwa ntchito yeniyeni ya mlembi ndi yotero.

Nditabwerera kunyumba ndinawerenga mofatsa zomwe uthenga wa keydown umanyamula, ndipo yankho linali momwemo kale. Uthenga uliwonse umabwera ndi altKey, ctrlKey, shiftKey ndi metaKey, zonena mabatani othandizira omwe ali pansi pa mphindi yomweyo. Ndiye kuti panalibe chifukwa choti ine ndizisunga chikumbumtima changachanga. W akafika, ndingomufunsa iye mwini ngati wabwera ndi Alt. Ndinafufuta kosungira kaja limodzi ndi mizere yonse yokasamalira, pulogalamu inafupika, vuto linatha.

Chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti kiyibodi nayo imagwira ntchito mwanjira imeneyi. Kiyibodi wamba ya USB imatumiza kauthenga ka mabayiti 8. Bayiti yoyamba ndi ya mabatani othandizira okhaokha, ndipo mabiti ake 8, tizigawo tonena kuti inde kapena ayi, agawidwa motere: Ctrl, Shift, Alt ndi batani la Windows akumanzere, kenako anzawo anayi akumanja. Bayiti yachiwiri ndi yosungidwa, zotsala 6 ndi za mabatani ena omwe ali pansi. Kiyibodi sinena kuti chakuti chatsika kapena chakwera. Imangonena momwe zinthu zilili tsopano, ndipo kompyuta ndi yomwe imayerekeza ndi uthenga wapitawo. Nditadziwa izi ndinazindikira cholakwika china chomwe chikanandigwira mtsogolo. Shift alipo awiri. Munthu akagwira onse n'kusiya mmodzi, kosungira kamodzi kakananena kuti Shift wakwera pomwe mnzake akadali pansi.

Sikuti keyup ndi yachabe. Nthawi zina umafunadi kudziwa kuti batani likadagwiridwa, monga pamene ukufuna kuonetsa kabokosi ka zilembo zapadera munthu akagwira Alt. Zikatero uyenera kumveranso uthenga wa blur, womwe umabwera tsamba likasiya kukhala kutsogolo, ndipo pomwepo ufufute zonse zomwe unkaganiza kuti zili pansi. Palinso repeat: ukagwira batani osalisiya, keydown imabwera mobwerezabwereza koma keyup ndi imodzi yokha. Wowerengera kutsika ndi kukwera ngati ziyenera kufanana adzasokonezeka.

Gawo lomwe landitengera nthawi yambiri ndi kusiyana kwa key ndi code. Key imanena chilembo chomwe chatuluka, code imanena malo a batani pa kiyibodi. Pa kompyuta za Mac, Option (yemwe ndi Alt wa kumeneko) ndi W zimatulutsa chizindikiro cha masamu ∑, ndiye ukafunsa key ngati ndi w imakana. Ukadalira code, KeyW imagwira bwino pa Mac, koma pa kiyibodi ya Chifalansa ya AZERTY malo amenewo pali Z. Mnzanga wina wa ku Luwinga ali ndi laputopu ya kaunjika yotero, ndipo titayesa pa yake ŵ ankatuluka pa batani lolembedwa Z. Pano ndimayamba ndi key, ndipo code ndimaifunsa pokhapokha chotulukacho chisali chilembo wamba. Ndimaona kuti munthu amakhulupirira zomwe zalembedwa pabatani, ndiye zimenezo ziyenera kutsogola.

AltGr, Alt wakumanja pa makiyibodi ambiri a ku Ulaya, nayenso ali ndi khalidwe lake. Windows imamuona ngati Ctrl ndi Alt atagwiridwa limodzi. N'chifukwa chake sikokwanira kufunsa ngati Alt ali pansi, uyeneranso kutsimikiza kuti Ctrl sali pansi, apo ayi ulanda anthu zilembo zomwe amalemba ndi AltGr.

Ndinasuzumirako ku mapulogalamu olembera monga Vim, omwe amagwira ntchito mu terminal, zenera lolamulira kompyuta ndi mawu olemba okha, ndipo kumeneko n'kovuta koposa. Terminal yachikale siitumiza n'komwe uthenga wa batani kukwera, ndipo Ctrl payekha samveka. Ctrl ndi I zimatumiza nambala 9, yofanana ndi Tab. Ctrl ndi M zimatumiza 13, yofanana ndi Enter. Izi zinachokera ku ASCII, ndondomeko yopatsa chilembo chilichonse nambala yake, yomwe inayamba kusindikizidwa mu 1963, ndipo tikukhala nazobe.

Lachitatu ndinabwerera ku Chibavi ndi tsamba lokonzedwa. Amalume analemba, anapita ku WhatsApp, anabwerako, w anatuluka wopanda chipewa. Anagwedeza mutu. Kenako anayatsa Caps Lock kuti alembe mutu wa nkhani, n'kudina Alt ndi W, ndipo panatuluka ŵ wamng'ono pakati pa zilembo zazikulu.

"Nanga uyu bwanji sakukula?"

Ndinali nditangoganizira Shift. Caps Lock sagwiridwa, amayatsidwa n'kukhala choncho, ndipo shiftKey samudziwa. Amafunsidwa kudzera mu lamulo lina lotchedwa getModifierState. Ndinakhala pampando wapafupi, ndinawonjezera mzere umodzi woti chilembo chizikula ngati chimodzi chokha mwa Shift ndi Caps Lock chikugwira ntchito, n'kuwabwezera laputopu. Analemba UNGANO WA ŴALALA, n'kupitiriza ndi mayina a omwe anapereka matumba a simenti.