Macheza a nyengo yotentha kuno ku Mzuzu

Anthu ambiri a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amakhulupirira kuti ku Mzuzu kumangokhala chifunga ndi mvula yamawawa chaka chonse, koma mwezi wa Okutobala ukafika dzuwa limaswa mtengo kunonso, ngakhale kuti mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,200. Kusiyana kwake n'kwakuti dzuwa likangolowa kamphepo kozizira kamabwerera, moti amene wapita kokacheza osanyamula juzi amathera pafupi ndi mbaula.

Pa 15 Okutobala, lomwe ndi Tsiku la Anakubala, anthu ambiri amatsetsereka ndi msewu wa M5 kupita ku Nkhata Bay, ulendo wa makilomita pafupifupi 50, kukasambira ku Chikale. Sindikuwanyoza, koma patsikuli kunyanja kumadzaza kwambiri moti malo oyala mphasa amasowa. Ine ndi anzanga timakonda kukumana kuseri kwa nyumba ya mmodzi wa ife, kaya ku Chibavi, ku Katoto kapena ku Luwinga, ndipo lamulo lathu ndi limodzi lokha: sitisonkha ndalama, koma aliyense amabweretsa chakudya cha kwawo. Lamuloli limayenda bwino chifukwa Mzuzu ndi pamphambano pomwe amakumana anthu a maboma onse a kumpoto pamodzi ndi ife ochokera pakati ndi kummwera.

Wa ku Karonga amabwera ndi mpunga wa Kilombero, womwe fungo lake limafika mpaka kwa aneba, kapena mbalagha, zomwe ndi nthochi zosapsa zophikidwa pamodzi ndi nyama. Wa ku Mzimba timamusiyira ntchito yootcha nyama ya mbuzi, ndipo pambali pake sipalephera kukhala tsabola wa kambuzi. Komabe chimene chimasonkhanitsa anthu onse kukhitchini ndi kondowole wa mlamu wathu wa ku Nkhata Bay. Ufa wake umachokera ku chinangwa chomwe amachisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo, kuchiyanika padzuwa kenako n'kuchisinja, ndipo kuphika kwake kumafuna mphamvu chifukwa ufawo ukangolowa m'madzi otentha umamatirira kumthiko. Mlamuyo amaphula mphika n'kuukhazika pansi, kenako amaitana kuti, "Achimwene, tandigwirirani mphikawu," ndipo mmodzi amagwira mphikawo ndi nsanza pomwe iye akuvundula ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu. Kondowoleyo amamudya akadali wotentha, pamodzi ndi batala wowotcha kapena usipa wauwisi wothira tomato ndi anyezi basi. Amene sanazolowere amayesa kutafuna, ndipo enawo amaseka mpaka kugwetsa misozi.

Nkhani ya zakumwa ndi yomwe imabweretsa kusamvana pang'ono. Ena amafuna Carlsberg wozizira, mowa womwe unayamba kufululidwa ku Blantyre mu 1968, pomwe ena ndi opemphera ndipo safuna ngakhale kuona botolo lake pathebulo. Tinagwirizana zoti okonda mowa azidzigulira okha n'kuusunga m'ndowa ya madzi oundana kuseri kwa khonde, koma chakumwa cha aliyense chizikhala thobwa. Thobwa labwino limayamba dzulo lake: phala la ufa wa mgaiwa likazizirako amathiramo chimera cha mawere, amalisiya usiku wonse, ndipo m'mawa amaliwiritsanso. Likaphikidwa moteremu silifuna shuga wambiri, ndipo ine ndimaona kuti othira shuga wochuluka amakhala akubisa kuchepa kwa chimera. Ana amamwa Sobo, ndipo chakumapeto kwa Novembala amakhala atatanganidwa ndi mango ochokera kunyanja.

Kukayamba kuzizira timafulula khofi wolimidwa kumpoto konkuno, ku mapiri a Misuku kapena ku Phoka, pogwiritsa ntchito makala otsala pa mbaula ija. Nthawi imeneyi m'pomwe timakambirana za pakhomo pomwe tidzakumane pa Khirisimasi, ndipo popeza pofika Disembala mvula imakhala itayamba, nthawi zambiri chisankho chimagwera amene ali ndi khonde lalikulu.